Nkhope zazikulu za pakhoma: kuchokera ku Mumbai mpaka ku Chennai

Lachitatu, Mumbai

Ndafika bwino, abale anga. Ndege yochokera ku Addis Ababa yatera m'mamawa, ndipo chimene chandilonjera choyamba ndi kutentha kwachinyontho, koti thukuta limayamba kutsika munthu usanaponde n'komwe pamsewu. Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ndimadyera ntchito yosindikiza, ndipo chandibweretsa kuno ndi zipangizo za makina athu. Koma eni zipangizozo ndikaonana nawo sabata yamawa kum'mwera, ndiye masiku apakatiwa ndawapatulira chinthu chimene ndakhala ndikuchisirira kuyambira kale: mapositala akale a mafilimu a chiHindi ndi chiTamil, aja ojambulidwa ndi manja.

Ndafikira pafupi ndi siteshoni ya Mumbai Central. Mbali ino ya mzinda mabajaji saloledwa, kuli mataxi akuda ndi achikasu okhaokha, koma lero sindinawafune chifukwa nyumba ya kanema ya Maratha Mandir ili tsidya la msewu. Pano ndi pamene anaonetsera koyamba Mughal-e-Azam pa 5 August 1960, ndipo mpaka lero anthu amasimbabe kuti zitini za filimuyo zinafika pakhomo zili pamsana pa njovu. Filimuyo inali yakuda ndi yoyera, kupatula zigawo zochepa. Mitundu imene anthu ankaiona ali panja, ya zovala za Madhubala, katswiri wamkazi wa m'filimuyo, ndi ya nyumba yachifumu, inali ya penti wa G. Kamble, wojambula wa ku Kolhapur. Munthu ankagula tikiti atakhuta kale zofiira ndi zagolide pakhoma, n'kukalowa nazo mumdima m'mutu mwake.

Masiku ano nyumbayi imadziwika ndi Dilwale Dulhania Le Jayenge, filimu imene yakhala ikuonetsedwa pano tsiku ndi tsiku kuyambira October 1995, kupatula nthawi ya Covid. Ndinayandikira chikwangwani chake n'kuchikhudza. Ndi chinsalu cha pulasitiki chija timati flex, chenicheni chimene ndimasindikiza ine kwathu. Ndinangoseka ndekha, n'kupita kukagona tulo ta m'ndege.

Lachinayi, Chor Bazaar

Lero ndiye tsiku. Ndinakwera taxi mpaka Mutton Street, msewu umene uli pamtima pa Chor Bazaar. Mbali zina za dera lino zagwetsedwa, m'malo mwake mwamera nyumba zitalizitali za ntchito yokonzanso Bhendi Bazaar, koma timasitolo ta zinthu zakale tikadalipo: mawotchi a pakhoma, magalamafoni, nyali za m'sitima zapamadzi. Pakati pa zimenezi pali timasitolo ta mapositala, tina topanikiza moti anthu awiri sangadutsane.

Ndinalowa m'kena n'kupeza bambo wachikulire atakhala pampando wamfupi. Nditawalonjera anaitanitsa tiyi, kenako anayamba kuvundukula mulu wa mapepala, limodzilimodzi, osathamanga. Ambiri ndi a muyeso umodzi, mainchesi 30 mulifupi ndi 40 mulitali. Ena ndi zidutswa zisanu ndi chimodzi zimene ankazimata moyandikana kuti zipange chithunzi chimodzi chachikulu. Pepala lake ndi lopyapyala, lotchipa, lopangidwira kukhala pakhoma sabata imodzi kapena ziwiri, lomatidwa ndi phala la ufa wa tirigu, kenako lina n'kumatidwa pamwamba pake. Amene apulumuka ndi aja sanamatidwe, amene anatsalira m'nkhokwe za ogawa mafilimu atapindidwa pindepinde.

Ndinatulutsa kagalasi kanga kokulitsira zinthu, kamene sindisiyana nako, ndipo bambowo anandiyang'ana mosiyana ndi poyamba. Kuyambira pamenepo anasiya kundionetsa za pamwamba pa mulu, n'kukatenga zina m'kabati. Nkhani yake ndi iyi. Positala yakale kwambiri inkasindikizidwa pamwala kapena pachitsulo cha zinki: mmisiri ankajambulapo ndi choko chamafuta, n'kunyowetsa ndi madzi, ndiye inki imakana pamadzi n'kukakamira pamafuta pokha. Mtundu uliwonse unkafuna mwala wakewake, pepala n'kudutsa m'makina kangapo. Ukaika kagalasi umaona timadontho tosalongosoka ngati mchenga, ndipo nthawi zina chofiira cha pamlomo chimatuluka pang'ono kunja kwa mzere, chifukwa pepala linasuntha. Za m'ma 1970 zambiri ndi za kasindikizidwe katsopano kotchedwa offset, timadontho take tondandalikana bwino m'mitundu inayi. Pamene zosindikiza dzulo pa kompyuta n'kuzinyika m'tiyi kuti zioneke zokalamba, kagalasi kamaziulula nthawi yomweyo. Zimenezi ziliko zambiri, ndipo sindikuwada ogulitsa: mlendo wofuna chokongoletsera pabalaza sazifunsa.

Palinso china chosokoneza. Filimu yotchuka inkabwereranso m'makanema patapita zaka, ndipo ogawa a m'zigawo zosiyanasiyana ankalemba ntchito ojambula awoawo. Choncho positala ikhoza kukhala yakale ndithu, yojambulidwa ndi manja, koma osakhala ya chaka chimene filimuyo inatuluka. Dzina la wosindikiza m'munsi mwa pepala ndi limene limathandiza.

Ya Mother India, filimu ya Mehboob Khan ya 1957, ndinaiyang'ana nthawi yaitali. Nargis wasenza khasu la ng'ombe paphewa, mutu wapendekeka, kumbuyo kwake thambo lili psuu. Dzina la filimuyo lalembedwa m'zilembo zitatu: zachiRoma, za Devanagari zolembera chiHindi, ndi za chiUrdu zoyambira kumanja. Koma ngakhale mutafufuta zonsezo, nkhani yake yamveka kale. Kalembera wa 1951 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a mu India, pafupifupi 18 okha ndi amene ankadziwa kuwerenga. Wojambula ankalankhula ndi otsalawo, komanso ndi munthu amene ali pa basi yoyenda. N'chifukwa chake nkhope ya ngwazi imakhala yaikulu kuposa nyumba, chigawenga chimapakidwa zobiriwira kapena zabuluu kumaso, mfuti ndi misozi zimaoneka poyera. Anthu ena amati ndi luso lokokomeza. Ine ndikuti ndi luso lodziwa kuti woliona ali kutali ndipo akufulumira.

Imene yandigwira mtima kwambiri ndi ya Deewaar ya 1975, ntchito ya Diwakar Karkare. Iyeyu ankatenga chithunzi cha kamera n'kuchipaka penti wokhuthala ndi kampeni m'malo mwa bulashi. Nkhope ya Amitabh Bachchan imatuluka yokhakhala, yamizeremizere, ngati yosemedwa. Ukali umene anthu amamukumbukira nawo munthuyu m'zaka zimenezo, gawo lina unachokera pa kampeni kameneko. Mtengo wake nditaumva ndinangomwa tiyi wanga. Ndagula ya offset ya filimu ina yosatchuka, yong'ambika pangodya, ndi timakhadi tiwiri tija ankatikhoma m'khonde la kanema.

Lachisanu, Pedder Road ndi Grant Road

M'mawa ndinapita ku National Museum of Indian Cinema, imene inatsegulidwa mu January 2019. Ili m'nyumba ziwiri, yakale yotchedwa Gulshan Mahal ndi ina yatsopano yamagalasi. Muli makamera akale, mbiri ya Dadasaheb Phalke ndi filimu yake Raja Harishchandra ya 1913, ndi mapositala ochuluka ndithu. Ndi malo aukhondo, ozizira bwino, ndipo ana a sukulu anali piringupiringu. Komabe positala ikaikidwa m'felemu, pansi pa getsi, imafatsa mopitirira. Dzulo m'kasitolo kafumbi kaja zinkalankhula mokweza.

Chimene ndatolako ndi nkhani ya Alam Ara, filimu yoyamba yolankhula ya mu India, imene Ardeshir Irani anaitulutsa pa 14 March 1931. Filimuyo inasowa, palibe amene ali nayo. Chatsala ndi zithunzi zochepa ndi mapepala oitsatsa. Chimodzimodzinso Kalidas, yoyamba yolankhula chiTamil, imene inajambulidwa kuno ku Bombay (dzina lakale la Mumbai) chaka chomwecho pa malo omwewo a Alam Ara. Pepala limene analipangira sabata imodzi lakhalitsa kuposa chimene linkatsatsa.

Masana ndinatsikira ku Grant Road, dera limene kale kunali nyumba za zisudzo ndi za kanema zondandana. Ndinaima pa Alfred Talkies, imene inayamba mu 1880 ikutchedwa Ripon Theatre. Iyi ndi imodzi mwa nyumba zomalizira mumzinda muno kugwiritsa ntchito zinsalu zojambulidwa ndi manja, ndipo wojambula wake, Sheikh Rehman, anamujambula m'filimu yofotokoza za moyo wake yotchedwa Original Copy mu 2015. Ntchito yake inkayenda ndi Lachisanu, tsiku losintha filimu. Ankapatsidwa kachithunzi kakang'ono, n'kukadula mizere ya mabokosimabokosi, n'kukoperanso mabokosi omwewo pachinsalu chachikulu ndi makala. Anyamata ophunzira ntchito ankapaka thambo ndi zovala, wina wa zilembo n'kulemba mutu, ndipo nkhope zinkasiyidwira mphunzitsi mwiniwake. Sabata ikatha chinsalu chinkatsitsidwa n'kupakidwa penti woyera, kuti pabwere nkhope zina. Choncho zinsalu zikuluzikuluzo, zimene zinali ntchito yeniyeni ya manja, pafupifupi zonse zinafafanizidwa ndi eni ake omwe. Zimene tikugula ku Chor Bazaar ndi abale ake osindikizidwa.

M. F. Husain, wojambula wotchuka wa ku India, anayambira m'ntchito imeneyi atafika mumzinda muno m'zaka za m'ma 1930, akulipidwa timakobiri potengera kukula kwa chinsalu. Mu 1947 anali m'gulu la Progressive Artists' Group, ndipo mu March 2025 chithunzi chake china cha 1954 chinagulidwa ku New York pamtengo woposa madola 13 miliyoni. Aliyense kuno amaikonda nkhani ya Husain. Ine imandiwawa pang'ono, chifukwa imanenedwa ngati kuti kujambula za kanema kunali umphawi umene munthu waluso anathawako. Nanga anzake aja anatsala pamakwerero?

Pafupi pomwepa panali nyumba ya kanema ya Minerva, kumene filimu ya Sholay inaonetsedwa zaka zisanu mosadukiza kuyambira August 1975. Nyumbayo inagwetsedwa. Zilembo za mutu wa filimuyo, zija zooneka ngati zosemedwa pathanthwe, zopyapyala pakati n'kukula m'mbali, ndi za C. Mohan, ndipo lero ndaziona pa T-shirt ya mnyamata wina wogulitsa madzi a nzimbe.

Loweruka, m'sitima

Ndikulemba sitima ikugwedeza. Tanyamuka masana pa Chhatrapati Shivaji Maharaj Terminus, ulendo wa makilomita pafupifupi 1,280, tikafika mawa m'mawa. Ndili pabedi lapamwamba, pansi pali banja lina la ku Chennai limene landigawira kale mpunga wa mandimu. Amayi ake atamva chimene ndikufuna anangoti ku Mumbai ndaona timapepala, zenizeni ndikaziona kwawo.

Titadutsa Karjat sitima inayamba kukwera mapiri, kulowa ndi kutuluka m'mapanga, mpaka Lonavala. Patsogolo pang'ono pali kasiteshoni kotchedwa Malavli, kamene sitima yathu sinaimepo, koma ndinatsika pabedi kuti ndikaone pawindo. Kumeneku ndi kumene kunasamukira makina osindikizira a Raja Ravi Varma, amene anawayambitsa ku Bombay mu 1894. Ravi Varma ankajambula milungu ya chiHindu ndi penti wamafuta mwa kajambulidwe ka ku Ulaya, yokhala ndi matupi ndi nkhope ngati za anthu enieni, ndipo makinawo anasindikiza zithunzizo zambirimbiri mpaka zinalowa m'nyumba za anthu wamba. Phalke anagwirako ntchito kumeneko asanayambe za mafilimu. Ndiye anthu a kuno anazolowera kuona Lakshmi ndi Saraswati papepala la mitundu asanaone katswiri aliyense wa kanema, ndipo ojambula mapositala anatengera maso omwewo, masaya omwewo, kuwala komweko kozungulira mutu. Zikatero n'zosadabwitsa kuti ena anayamba kuveka nkhata zamaluwa zithunzi za akatswiri.

Pune tadutsa dzuwa likupendeka. Kumeneko kuli nkhokwe ya mafilimu ya dziko lino, imene inakhazikitsidwa mu 1964 ndipo P. K. Nair anathera moyo wake akuitolera zinthu. Anayamba mochedwa: mwa mafilimu osalankhula oposa 1,300 amene India inapanga, amene atsala, athunthu kapena zidutswa, ndi osakwana 30. Sindinatsike. Wogulitsa tiyi wadutsa kachikwi, ndikagone.

Lamulungu, Chennai

Amayi aja sananame. Siteshoni imene tatsikira, kuyambira 2019, dzina lake lonse ndi Puratchi Thalaivar Dr. M.G. Ramachandran Central Railway Station. Ndi dzina la katswiri wa kanema, amene anthu amamutchula mwachidule kuti MGR. Kutuluka panja, makoma onse ali mbuu ndi mapepala: a mafilimu, a zipani, a ukwati, a maliro okhala ndi nkhope ya malemu pakati pa maso awiri okhetsa misozi. Zilembo zake ndi za chiTamil, zozungulirazungulira, mwina ndi Chingelezi pang'ono. ChiHindi sindikuchiona, ndipo si mwangozi: mu 1965 anthu anafa kuno pokana kuti chiHindi chikhale chilankhulo chokhacho cha boma.

Ndinakwera bajaji kudutsa Anna Salai, umene kale unkatchedwa Mount Road. Msewu umenewu ndi umene unali chionetsero chachikulu cha ntchitoyi. Uku ndi uku kunkaima zinsalu zazitali ngati nyumba zosanjikizana, ndi zithunzi zodulidwa pamatabwa a plywood motsatira thupi la munthu, zochirikizidwa ndi milongoti kumbuyo. Mu 1957 a Mohan Arts anaimika chithunzi cha katswiri wa kanema Sivaji Ganesan cha mafiti 80, mamita ngati 24, pa Chitra Talkies potsatsa Vanangamudi. Lero zonsezo kulibe. Mu 2008, khoti lalikulu la dziko lino litagamula, zikwangwani zambirimbiri zinagwetsedwa mumzinda muno, ndipo nthawi imeneyo n'kuti flex italanda kale ntchito ya bulashi. Shanti Theatre, ya banja la Sivaji, inatsekedwa mu 2016. Woyendetsa bajaji ankangoloza malo opanda kanthu m'mwamba, kunditchulira amene ankaimapo.

Tinadutsa pamlatho umene aliyense amautchula kuti Gemini, ngakhale dzina la boma ndi lina. Apa panali situdiyo ya S. S. Vasan. Munthuyu anayambira pa ntchito yotsatsa malonda, analinso mwini magazini ya Ananda Vikatan, ndipo atatulutsa Chandralekha mu 1948, itamudyera zaka zisanu ndi marupee pafupifupi 3 miliyoni, anaitsatsa mwa njira imene anthu anali asanaionepo, kuno komanso ku Bombay kumene anapita nayo m'chiHindi. Chithunzi cha atsikana ovina pamwamba pa ng'oma zikuluzikulu chinafika paliponse.

Madzulo ndinapita kugombe la Marina. Kumpoto kwake kwagona atsogoleri anayi a chigawo chino cha Tamil Nadu: Annadurai, MGR, Jayalalithaa ndi Karunanidhi. Awiri anali olemba nkhani za mafilimu, awiri anali ochita sewero. Mukawonjezera V. N. Janaki, mkazi wa MGR amene analamulira masabata ochepa mu 1988, ndiye kuti asanu onsewa, amene anakhalapo nduna zazikulu zolamulira Tamil Nadu, anachokera ku kanema. Pamanda a MGR ndinaona anthu akugunditsa khutu pamwala. Amati wotchi imene anaikidwa nayo mu December 1987 ikugundabe. Nanenso ndinagunditsa, koma phokoso la nyanja ndi la ana linali lalikulu.

Lolemba, T. Nagar ndi Vadapalani

Nyumba imene MGR ankagwiriramo ntchito ku T. Nagar anaisandutsa malo achikumbutso. Pansi pali galimoto yake ya Ambassador, nambala TMX 4777. Mulinso chikopa cha mkango chofutukulidwa ngati wamoyo, mkango umene anasewera nawo m'filimu ya Adimai Penn ya 1969. Chipewa chake chaubweya ndi magalasi akuda ndi zimene wojambula aliyense wa kuno amayambira: akangolemba ziwirizi, munthu wadziwika kale.

Apa ndi pamene ndaona kusiyana kwa mizinda iwiriyi. Ku Bombay positala inkagulitsa tikiti. Kuno inkagulitsa tikiti ndi chipani pamodzi. Parasakthi ya 1952, filimu yoyamba ya Sivaji Ganesan, mawu ake analemba ndi Karunanidhi, ndipo anali mawu a chipani cha DMK onyoza tsankho la mitundu ndi chinyengo cha ansembe ena. MGR, wa chipani chomwecho, ankasewera munthu wosauka woteteza amayi ndi ofooka, wosamwa mowa, wosasuta, ndipo mitundu ya mbendera ya chipanicho, yakuda ndi yofiira, inkapezeka m'mafilimu ake. Pa 12 January 1967 mnzake wa sewero M. R. Radha anamuwombera pakhosi, chisankho chili pafupi. MGR sanathe kuyenda kukachita misonkhano, koma chithunzi chake ali m'chipatala, khosi litakulungidwa mabandeji, chinamatidwa m'makoma chigawo chonse. Anapambana, DMK inalowa m'boma, ndipo chipani cha Congress sichinalamulirenso Tamil Nadu kuyambira pamenepo. Sindikunena kuti pepala lokha ndi limene linachita zimenezi, kunali njala ya mpunga ndi mkwiyo wa chilankhulo uja. Koma chithunzicho chinagwira ntchito yake. Mu 1972 MGR anayambitsa chipani chake, mu 1977 n'kukhala nduna yaikulu, ndipo ojambula omwe aja ankangosintha zovala pachithunzi.

Masana ndinapita ku AVM ku Vadapalani, kampani ya mafilimu imene A. V. Meiyappan anaiyambitsa mu 1945, ya chizindikiro cha dziko lozungulira pachipata. Malo awo osungirako zakale anatsegulidwa mu 2023. Ndi a magalimoto akale ndi makina kwambiri, okonda zimenezo akasangalala. Ine ndinangozungulira kamodzi, n'kukakhala pasitolo ya khofi wa filter, wothiridwa m'kambale ndi m'kapu yachitsulo. Khofi ameneyu ndiye ndimusowa.

Lachiwiri, Taramani

Lero kunali kwa phee. Roja Muthiah Research Library ili ku Taramani, pakati pa masukulu ndi maofesi a makompyuta. Chimene chinandikokerako ndi mwini dzinalo: Roja Muthiah, wa ku Kottaiyur, anali wolemba zikwangwani. Ndalama zimene ankapeza ndi bulashi ankagulira mabuku akale, magazini, makalata oitanira ku ukwati, zilengezo za zisudzo, chilichonse chosindikizidwa m'chiTamil chimene ena ankachiona ngati chokulungira mtedza. Atamwalira mu 1992, University of Chicago inagula zonsezo mu 1994, pamgwirizano woti zikhalebe kuno ku Tamil Nadu.

Anandionetsa timabuku ta nyimbo, tija ankagulitsa pakhomo pa kanema. Pachikuto pamakhala chithunzi cha mitundu iwiri kapena itatu, mkati mawu a nyimbo zonse, ndi chidule cha nkhani chimene chimadukira pakati n'kukuuza kuti zotsalazo ukaonere pachinsalu. Kwa mafilimu ambiri a m'ma 1930 ndi 1940 amene anasowa, timabuku timeneti ndi umboni umene watsala wa amene anaseweramo ndi zimene anaimba. Nthawi imeneyo katswiri ankayenera kukhala woimba. M. K. Thyagaraja Bhagavathar, wa tsitsi lofika m'khosi, ndiye anali mfumu, ndipo Haridas yake ya 1944 inakhala masabata 110 pa Broadway Theatre kuno ku Madras (dzina lakale la Chennai).

Monga wosindikiza, ndinachita chidwi ndi mmene ankapezera mitundu yambiri ndi inki ziwiri zokha, posanjikiza timadontho ta ina pamwamba pa inzake. Umphawi wa zipangizo unkawakakamiza kuganiza. Ndinafunanso kuona chilichonse chokhudza Veerapandiya Kattabomman ya 1959, chifukwa ndi imene inapatsa Sivaji mphoto ya katswiri wopambana pa chikondwerero cha mafilimu a ku Africa ndi Asia ku Cairo mu 1960. Ndevu za pamlomo zokhotera m'mwamba zija anazijambula mwaulemu wonse.

Lachitatu, Chennai

Woyendetsa bajaji uja anandilonjeza kuti andipezera munthu amene anagwirapo ntchito ya zinsalu, ndipo lero wakwaniritsa. Tinawapeza agogowo m'mbali mwa msewu, akulemba dzina la mtsogoleri wina wa chipani pakhoma lalitali, zilembo zofika m'chiuno, opanda rula kapena chingwe. Ndinawapatsa moni wa manja awiri, woyendetsayo n'kumatimasulira.

Anandiuza kuti analowa ntchito ali kamnyamata, akutsuka mabulashi ndi kusakaniza penti wa ufa ndi mafuta a linseed, ndipo panapita zaka asanaloledwe kukhudza nkhope. Pankhope ya ngwazi ankaikapo zachikasu, zapinki, zobiriwira, ngakhale zofiirira, zimene ukaziona pafupi zimaoneka ngati misala, koma ukaima tsidya la msewu zimasanduka khungu lowala. Magulu a otsatira akatswiri ankabwera kudzayeza ngati chithunzi cha wawo chatalika kuposa cha mnzake, ndipo tsiku loyamba la filimu ankakwera pamilongoti kukachithira mkaka. Mkakawo akuthirabe mpaka pano, koma pa pulasitiki. Anzawo ambiri, iwo anatero, anapita ku ulonda ndi kupenta nyumba. Iwowo akudyera makoma a zipani ndi zithunzi za malemu, ndipo zipani sizitha kuno: Vijay, katswiri wina wa kanema, anayambitsa chake mu February 2024.

Atamva ntchito yanga sanakwiye, anangofunsa kuti makina anga amatulutsa mamita angati pa ola. Nditawauza anaseka mpaka kutsokomola. Ndinakumbukira alongo ndi abale athu olemba zikwangwani za mabarbershop ndi magolosale ku Ndirande, amene makasitomala awo ena amabwera kwa ine masiku ano. Kuno flex ili ndi mlandu winanso: mu September 2019 chinsalu choimikidwa popanda chilolezo pakati pa msewu ku Pallikaranai chinagwera mtsikana wa zaka 23 amene anali pa njinga yamoto, lole ya madzi n'kumugunda, ndipo akatswiri angapo a kanema anapempha owatsatira kuti asiye kuimika zinsalu. Pang'onopang'ono zabwereranso.

Ndawapempha kuti andijambulire nkhope ya MGR pakansalu kakang'ono, mwa kapakidwe kakale kaja ka mitundu yambiri. Avomera, koma ati ndiwapatse sabata kuti penti aume, ndiye ndidzatenga pobwerera. Mtengo sitinakangane. Usiku uno ndikukwera sitima ya kum'mwera kupita ku Sivakasi, tauni ya machesi, makombola a zikondwerero ndi makina osindikizira, kumene kwa zaka zambiri kunkachokera makalendala ndi mapositala ochuluka a chigawo chino. Kumeneko ndiye kuli ntchito imene ndinabwerera, ndipo ndauzidwa kuti kukutentha kuposa kuno.